Maina a m'Nthano za Agiriki: Kalembedwe ndi Kachulidwe ka Cigiriki ndi ka Cilatini

1.0 MAU OYAMBA

Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo mabuku a olemba a ku Ulaya, kapena masewero a olemba a mu Africa omangidwa pa nthano za Agiriki, monga The Gods Are Not to Blame la Ola Rotimi ndi The Bacchae of Euripides la Wole Soyinka, anafunsidwapo funso lotere: kodi Odysseus ndi Ulysses ndi anthu awiri kapena ndi munthu mmodzi? Buku lina limalemba Achilles, lina Achilleus, linanso Akhilleus. Mulungu amene dzulo anali Zeus, lero m'buku lina ndi Jupiter. Wophunzira akafuna kudziwa dzina leni-leni, kawiri-kawiri timamuuza kuti onsewo ndi amodzi, nkupitiriza phunziro. Yankho limeneli nlosakwanira, ndipo nthawi zina nlolakwika.

M'nkhani ino tilongosola zinthu zitatu. Coyamba, tionetsa m'mene Aroma ankalembera maina a Cigiriki ndi zilembo zao, ndi zifukwa zake. Caciwiri, tisiyanitsa maina amene anangosintha kalembedwe ndi maina amene ndi ena ndithu. Cacitatu, tifotokoza kachulidwe ka mainawa m'nyengo zosiyana-siyana. Pomaliza tipereka maganizo athu pa zimene wolemba ndi mphunzitsi wa Cinyanja angacite, pakuti iye alibe mwambo wakale womumanga monga anzake a Cingerezi, ndipo ayenera kusankha yekha.

2.0 ZILEMBO ZA AGIRIKI NDI ZA AROMA

Agiriki anatenga zilembo zao kwa anthu a ku Phoenicia ca m'zaka za m'ma 700 B.C., nasandutsa zina mwa izo kukhala mavawelo. Aroma sanazilandire kucokera ku Athens ai, koma zinawafika kudzera mwa anthu a ku Etruria, amene anaziphunzira kwa Agiriki okhala m'mbali mwa nyanja ku Italy, m'midzi monga Cumae. Cinenero ca ku Etruria sicinkasiyanitsa g ndi k. Cotero cilembo cacitatu ca Agiriki, gamma, cimene cinkaimira g, cinayamba kuimira k, ndipo ndico cinasanduka C wa Aroma. Aroma anali ndi mamvekedwe onse awiri m'cinenero cao, koma anakhala nthawi yaitali akulemba C pa g ndi pa k pomwe, kufikira m'zaka za m'ma 200 B.C. pamene anaonjezera kamzere pa C napanga G. Cotsalira ca nyengo yakaleyo cimaoneka pa dzina la Gaius, limene Aroma anapitiriza kulifupikitsa ndi cilembo C. Cilembo K cinatsala m'mau ocepa cabe, monga Kalendae, tsiku loyamba la mwezi. Ncifukwa cake Mroma akamva dzina la Kerberos ankalemba Cerberus. Kwa iye C anali k paliponse, ndipo sanaganize kuti wasintha kanthu.

Vuto lina linali pa zilembo zitatu za Cigiriki, phi, theta ndi khi, zimene zinkaimira p, t ndi k zotuluka ndi mpweya. Cilatini cakale cinalibe mamvekedwe amenewa, motero Aroma oyamba ankangolemba p, t ndi c. Lamulo la akulu a mzinda wa Roma la mu 186 B.C., loletsa miyambo ya opembedza Bacchus, linazokotedwa pa cimbale ca mkuwa cimene cikusungidwa ku Vienna, ndipo pamenepo mau ochula mwambowo analembedwa ndi c mmodzi, popanda h. Cicero, m'buku lake la Orator la mu 46 B.C., akuchula kuti wolemba ndakatulo Ennius ankati Burrus m'malo mwa Pyrrhus. Kuyambira ca pakati pa zaka za m'ma 100 B.C., Aroma ophunzira anayamba kulemba ph, th ndi ch pofuna kuonetsa mpweyawo, ndipo m'zaka zana zotsatira anaonjezera Y ndi Z kumapeto kwa alifabeti yao cifukwa ca mau a Cigiriki basi. Malo a zilembo ziwirizi kumapeto kwa alifabeti yathu ya lero ndi umboni wakuti zinabwera mocedwa.

3.0 MALAMULO A KASINTHIDWE KA ZILEMBO

Pofika nthawi ya Vergil ndi Ovid, kalembedwe ka maina a Cigiriki m'Cilatini kanali katakhazikika. Malamulo ake akulu ndi awa:

(a) k amakhala c: Kadmos, Cadmus, Kirke, Circe, Kassandra, Cassandra.

(b) kh amakhala ch: Kharon, Charon, Telemakhos, Telemachus.

(c) ai amakhala ae, ndipo oi amakhala oe: Daidalos, Daedalus, Oidipous, Oedipus, Phoibos, Phoebus.

(d) ou amakhala u: Ouranos, Uranus, Mousa, Musa.

(e) ei amakhala i kapena e: Iphigeneia, Iphigenia, Medeia, Medea, Aineias, Aeneas.

(f) upsilon amakhala y akakhala payekha: Olympos, Olympus. Olemba ena a masiku ano amamulemba ndi u, ndiye cifukwa cake timapezanso Olumpos ndi Dionusos.

(g) mathero a -os amakhala -us, a -on amakhala -um, ndipo a -ros nthawi zina amakhala -er: Ikaros, Icarus, Ilion, Ilium, Alexandros, Alexander, Meleagros, Meleager.

(h) maina ena othera ndi -on wamtali amataya n: Apollon, Apollo, Plouton, Pluto.

Kusintha kwa mathero kunali ndi cifukwa ca m'malamulo a cinenero. M'Cilatini dzina limasintha mathero molingana ndi nchito yake m'ciganizo, ndipo dzina lacilendo silikanatha kugwira nchito lisanalowe m'gulu lina la maina. Nafenso timacita cimodzimodzi ndi mau obwereka, kungoti ife timasintha koyambirira: buku limalowa m'gulu la li- ndi ma-, nkukhala mabuku, pamene nyuzipepala imatenga i- ndi zi-.

Pali cilembo cimodzi cimene sitiyenera kunamizira Aroma. J wa mu Jason, Jocasta ndi Jupiter sanali m'alifabeti yao. Iwo ankalemba Iason, Iocasta ndi Iuppiter. Kusiyanitsa I ndi J kunayamba ndi olemba ndi osindikiza mabuku a m'zaka za m'ma 1500, ndipo mmodzi wa oyamba kukulimbikitsa anali Gian Giorgio Trissino wa ku Italy mu 1524. Kamvekedwe ka j monga mu jekete ndi ka Cingerezi. Mroma ankachula dzina la mulungu wake wamkulu moyamba ndi y wa mu yathu.

Kacilembo kamodzi kangasiyanitse maina awiri. Kronos, atate wa Zeus, dzina lake limayamba ndi kappa, pamene Khronos, liu lotanthauza nthawi, limayamba ndi khi. M'Cilatini ndi Cronus ndi Chronus. Akale omwe ankasokoneza awiriwa cifukwa ca kufanana kwa mamvekedwe, ndipo msokonezowo udakapezekabe m'mabuku a ana a sukulu.

4.0 MAGULU ATATU A MAINA

Si maina onse amene amatsata malamulo a pamwambawa. Kuti tisasokoneze ophunzira, nkofunika kugawa mainawa m'magulu atatu.

4.1 Maina ongosintha zilembo

Awa ndi amene tawaona m'gawo lacitatu. Daidalos ndi Daedalus ndi dzina limodzi lolembedwa m'njira ziwiri, ndipo wodziwa malamulowo angathe kubweza dzina lililonse la gulu ili ku maonekedwe ake a Cigiriki.

4.2 Maina obwerekedwa kale kudzera pakamwa

Maina ena anafika ku Italy Aroma asanayambe kuwerenga mabuku a Agiriki. Anabwera ndi amalonda, amalinyero ndi zithunzi za pa mbiya, ndipo anaumbidwa ndi malilime a anthu osadziwa Cigiriki. Herakles anakhala Hercle ku Etruria ndi Hercules ku Roma. Polydeukes anakhala Pollux, Aias anakhala Aiax, Hekabe anakhala Hecuba, Persephone anakhala Proserpina, ndipo Asklepios, mulungu wa zociritsa amene cipembedzo cake cinabweretsedwa ku Roma pa nthawi ya mliri ca mu 291 B.C., anakhala Aesculapius. Dzina la Ulixes, limene pambuyo pake linakhala Ulysses, silinacokere kwa Odysseus wa Homer. Pa mbiya zakale za Agiriki pamapezeka maonekedwe ena a dzinali okhala ndi l, monga Olytteus ndi Olysseus, ndipo Aroma anatola limodzi la maonekedwe oterewa. Pa gulu ili munthu wochulidwayo ndi mmodzi, dzinanso linacokera ku muzu umodzi, koma palibe lamulo limene lingatithandize kulosera maonekedwe a Cilatini. Ayenera kuphunziridwa limodzi-limodzi.

4.3 Maina a milungu yofananizidwa

Gulu lacitatu ndilo limasoceretsa kwambiri. Juno si kalembedwe ka Cilatini ka Hera. Minerva si Athena wolembedwa mwa njira ina. Aroma anali ndi milungu yao-yao, ndipo atakumana ndi nthano za Agiriki anaifananiza ndi milungu ya m'nthanozo: Iuppiter ndi Zeus, Neptunus ndi Poseidon, Mars ndi Ares, Venus ndi Aphrodite, Mercurius ndi Hermes, Diana ndi Artemis, Vulcanus ndi Hephaistos, Ceres ndi Demeter, Saturnus ndi Kronos. Mcitidwe umenewu ukuoneka kale m'nchito ya Livius Andronicus, amene anamasulira Odyssey m'Cilatini m'zaka za m'ma 200 B.C., naika maina a milungu ya ku Italy m'malo mwa ya Homer. Akatswiri amaucha mcitidwewu interpretatio Romana, mau ocokera m'buku la Tacitus lochedwa Germania la mu 98 A.D.

Kufananiza sikunafafanize kusiyana. Mu Iliad, Ares ndi mulungu wodedwa ngakhale ndi atate wake, ndipo amavulazidwa ndi munthu wamba, Diomedes. Mars kwa Aroma anali atate wa Romulus ndi Remus, kholo la mtundu wonse, amene alimi ankamupempha kuti ateteze minda, ndipo mwezi wa Malichi unachedwa ndi dzina lake. Wolemba amene aika Mars m'nkhani ya Homer wabweretsa ulemu umene Homer sanaupereke. Panalinso milungu yopanda inzake. Ianus wa nkhope ziwiri analibe womufanana naye kwa Agiriki, ndipo Apollon analibe womufanana naye ku Roma, cotero analowa ndi dzina lake lomwe, napatsidwa kacisi mu 431 B.C. Pa maina a Zeus ndi Iuppiter pali ubale weni-weni, pakuti onse anacokera ku liu limodzi la cinenero cakale cimene cinabala Cigiriki, Cilatini ndi Sanskrit, liu lonena za thambo lowala la usana. Koma ubale umenewu ndi wa pacibale, si wakuti wina anabwereka kwa mnzake.

5.0 KACHULIDWE

5.1 Zilembo ph, th ndi kh

Ku Athens m'zaka za m'ma 400 B.C., phi, theta ndi khi zinkamveka monga ph, th ndi kh za Cinyanja. Kusiyana kwa pi ndi phi kunali kofanana ndi kwa pala ndi phala, kapena ponya ndi phonya, ndipo kwa kappa ndi khi kunali kofanana ndi kwa kama ndi khama. Umboni wake ndi kalembedwe ka Aroma komwe: iwo anali ndi cilembo F, koma sanacigwiritse nchito polemba phi, cifukwa cimene ankamva cinali p wokhala ndi mpweya. Patapita zaka mazana angapo, mamvekedwewa anafewa: phi anakhala f, theta anakhala th wa Cingerezi wochulidwa lilime lili pakati pa mano, ndipo khi anakhala liu lokhuta kummero. Apa wolankhula Cinyanja ali ndi mwai umene Mngerezi alibe. Akawerenga Athena, Aphrodite ndi Akhilleus monga awerengera cinenero cake, amayandikira kachulidwe ka Sophokles kuposa mphunzitsi wa ku London.

5.2 Cilembo c

Tanena kale kuti kwa Cicero c anali k. Dzina la Caesar linkamveka ngati kaisar, ndipo Agiriki ankalilemba ndi kappa. Ajeremani analibwereka kale kwambiri, ndipo mpaka lero ali ndi liu lakuti Kaiser. Kumapeto kwa nyengo ya ufumu wa Roma, c wotsatidwa ndi e kapena i anayamba kusintha, ndipo anasintha mosiyana m'maiko osiyana: ku Italy anakhala ngati c wa mu cinthu, ku France anafika pokhala s, ndipo Ajeremani powerenga Cilatini amamuchula ts. Angerezi anatengera Afalansa. Motero mfiti ya pa cisumbu imene inasandutsa anzake a Odysseus kukhala nkhumba, Agiriki ndi Aroma ankaichula ndi k kawiri, Ataliyana amaichula ndi c wathu kawiri, ndipo Angerezi ndi s kawiri. Zilembo za Circe sizinasinthe kwa zaka zoposa 2,000, koma malilime owerenga ndiwo anasintha.

5.3 Mavawelo

M'nthawi ya Cicero ae ankamveka pafupi-fupi ngati ai wa mu mai, ndipo oe ngati oi. Pambuyo pake onse awiri anasanduka e. Cingerezi nacenso cinasintha mavawelo ake atali pakati pa 1400 ndi 1700, ndipo Angerezi anapitiriza kuwerenga Cilatini monga awerengera cinenero cao. Ncifukwa cake Oedipus ku Britain amayamba ndi liu longa i wamtali, limene silifanana ndi la Cigiriki kapena la Cilatini. Upsilon ku Athens ankamveka ngati u wa Cifalansa, ndiko kuti i wochulidwa milomo ili yozungulira. Eta anali e wamtali, ndipo akatswiri amachula umboni wa Kratinos, wolemba masewero oseketsa, amene analemba kulira kwa nkhosa ndi beta ndi eta. M'Cigiriki ca lero beta ndi v, ndipo eta, upsilon, ei ndi oi onse amamveka i. Mpweya woyamba umene timaulemba ndi h unatha. Mgiriki wa lero amati Iraklis pochula Herakles, monga tionera pa dzina la mzinda wa Iraklio ku Crete.

5.4 Kutsindika ndi kukweza liu

Cigiriki cakale cinkakweza liu pa phatikizo limodzi la dzina, osati kulitsindika ndi mphamvu. Mwambo umati zizindikiro zoonetsa kukwera ndi kutsika kwa liu anaziyambitsa Aristophanes wa ku Byzantium, woyang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, ca mu 200 B.C. Kwa ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi kakwezedwe ka liu, nkhaniyi siyovuta kumva. Cilatini cinali ndi lamulo lina: ngati phatikizo laciwiri kucokera kumapeto lili lalitali, ndilo limatsindikidwa, ngati lili lalifupi, kutsindika kumabwerera pa lacitatu. Aroma anagwiritsa nchito lamulo lao pa maina a Cigiriki. Ouranos ndi Herakles, amene Agiriki ankakweza liu pa phatikizo lao lomaliza, anakhala Uranus ndi Hercules otsindikidwa pa loyamba. Dionysos, wokwezedwa pa o woyamba, anakhala Dionysus wotsindikidwa pa y cifukwa vawelo imeneyo njaitali. Cingerezi cimatsata lamulo la Cilatini ngakhale pa maina olembedwa mwa Cigiriki.

5.5 Kufunafuna kachulidwe kakale

Mu 1528 Erasmus anafalitsa buku lonena za kachulidwe koyenera ka Cilatini ndi Cigiriki. John Cheke ndi Thomas Smith atayamba kuphunzitsa kachulidwe kokonzedwako ku Cambridge, mkulu wa yunivesiteyo, Stephen Gardiner, anakaletsa mu 1542 naopseza osamvera ndi zilango. Mkanganowo unatenga zaka mazana ambiri. Umboni umene ulipo unasonkhanitsidwa bwino ndi W. Sidney Allen m'mabuku ake awiri, Vox Latina la mu 1965 ndi Vox Graeca la mu 1968. Cimene tiphunzirapo ncakuti dzina limodzi lingakhale ndi kachulidwe kosiyana kanayi kapena kasanu, kalikonse koyenera m'nyengo yake ndi m'malo ake.

6.0 MWAMBO WA OMASULIRA A CINGEREZI

Popeza ophunzira athu ambiri amakumana ndi mainawa m'mabuku a Cingerezi, tiyenera kudziwa cifukwa cimene mabukuwo samagwirizanirana. Kwa zaka mazana ambiri anthu a kumadzulo kwa Ulaya anadziwa nthano za Agiriki kudzera mwa Vergil ndi Ovid, pakuti Cilatini cinali cinenero ca sukulu ndi ca chalichi, pamene odziwa Cigiriki anali ocepa. Alexander Pope, pomasulira Iliad pakati pa 1715 ndi 1720, anagwiritsa nchito maina a gulu lacitatu: Jove, Juno, Minerva, Neptune. George Grote, m'buku lake la mbiri ya Greece la pakati pa 1846 ndi 1856, anabwezera milungu maina ake a Cigiriki nayambanso kulemba k m'maina ambiri. Robert Browning anapitirira pamenepo mu 1877 polemba Klutaimnestra m'malo mwa Clytemnestra. Richmond Lattimore mu 1951 analemba Achilleus, Hektor ndi Aias. Robert Fitzgerald mu 1974 analemba Akhilleus. Koma Robert Fagles mu 1990 ndi Emily Wilson mu 2023 anabwerera kwa Achilles ndi Hector, maina amene owerenga anazolowera.

Mwambo umene wakhazikika m'Cingerezi ndi wosakaniza: milungu imachedwa ndi maina a Cigiriki, koma kalembedwe ka maina ambiri nka Cilatini. Palibe amene anakhoza kutsata njira imodzi mpaka kumapeto, pakuti ngakhale wokonda k kawiri-kawiri salemba Homeros kapena Athenai m'Cingerezi. Kusakaniza kopanda dongosolo kumaonekanso m'filimu ya Hercules ya kampani ya Disney ya mu 1997, m'mene mwana ali ndi dzina la Ciroma koma atate wake ndi Zeus. Pa mapulaneti asanu ndi atatu, Uranus yekha, wopezedwa ndi William Herschel mu 1781, ndiye ali ndi dzina la mulungu wa Agiriki, ngakhale kalembedwe kake nka Cilatini.

7.0 MAINAWA M'CINYANJA

Cinyanja cinakumana kale ndi vutoli m'Baibulo. M'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 14, anthu a ku Lystra anayesa Barnaba ndi Paulo milungu, ndipo m'mutu 19 muli cipolowe ca ku Ephesus cokhudza mulungu wamkazi wa mzindawo. Baibulo la Cilatini lochedwa Vulgate linaika pamenepo maina a Ciroma, ndipo Baibulo la Cingerezi la King James la mu 1611 linatsatira polemba Jupiter, Mercurius ndi Diana. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 anatsata Cigiriki, nalemba Zeu, Herme ndi Artemi, atacotsa s womaliza kuti dzina lithere ndi vawelo. Njira yomweyo ikuoneka m'maina a Aigupto, Kupro, Suriya ndi Kaisara, m'mene ai, k ndi u zikucokera ku Cigiriki. Komabe pa phi analemba f, monga mu Filipo ndi Efeso, potsata kachulidwe ka pambuyo pake. Tingati tsono wowerenga Cinyanja anazolowera kale maonekedwe a Cigiriki, ngakhale sadziwa.

Kalembedwe ka Cilatini kali ndi misampha ingapo kwa wowerenga wathu. M'kalembedwe kovomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro ku Zambia mu 1977, c amaimira liu la mu caka, ndipo ch amaimira la mu nchito. Wophunzira akaona Castor ndi Cadmus amawawerenga ndi c wa mu caka, kachulidwe kamene sikanamvekepo ku Greece, ku Roma kapena ku England. Akaona Achilles ndi Charon amaikapo ch wa mu nchito. Mnzake wa ku Malawi, kumene ch amaimira liu lopanda mpweya, amalakwitsa mwa njira yakeyake. Zilembo ae ndi oe amazigawa kukhala maphatikizo awiri. Kalembedwe ka Cigiriki kamacotsa zambiri mwa zovutazi, popeza k ndi kh zili ndi nchito imodzi m'zinenero zonse ziwiri. Msampha umene umatsala ndi wa y. Kwa ife y ndi konsonanti, ndipo mu Dionysos wowerenga amaona ny wa mu nyama. Pamenepa mphunzitsi ayenera kucenjeza kuti y wa m'maina a Cigiriki ndi vawelo, ndipo achulidwe ngati i kapena u.

Ena angafune kuti mainawa aumbidwe kotheratu monga mwa maphatikizo a Cinyanja, poika vawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto. Nzocititsa cidwi kuti Agiriki eni ake analembapo motero. Zolembedwa za Linear B za ku Knossos ndi Pylos, za m'zaka za pakati pa 1400 ndi 1200 B.C., zimene Michael Ventris anaziwerenga koyamba mu 1952, zinali ndi cizindikiro cimodzi pa phatikizo lililonse, ndipo sizinkasiyanitsa r ndi l. Mmenemo dzina la Akhilleus linalembedwa a-ki-re-u, la Hektor e-ko-to, la Poseidon po-se-da-o. Koma zitsanzo zomwezi zikuonetsa mtengo wa njirayi: dzina limabisika, ndipo wophunzira amene waliona m'maonekedwe otere yekha sangalizindikire akalipeza m'buku lina. Pakamwa aliyense adzalichula monga lilime lake lilolera, ndipo palibe colakwa pamenepo. Pa pepala, makamaka m'mabuku a sukulu ndi a akatswiri, nkwabwino kusunga dzina m'maonekedwe amene angapezeke m'madikishonale ndi m'nyumba za mabuku.

8.0 MAGANIZO ATHU

Kucokera pa zimene tafotokozazi, tikupereka maganizo anai.

Loyamba: dzina la mulungu litsate nkhani imene likupezekamo. Pofotokoza Homer, Hesiod kapena Euripides tilembe Zeus, Hera ndi Odysseus. Pofotokoza Vergil kapena Ovid tilembe Jupiter, Juno ndi Ulysses. Ophunzira auzidwe poyera kuti milunguyi inafananizidwa, sinali imodzi ciyambire.

Laciwiri: polemba m'Cinyanja za nthano za Agiriki, titsate kalembedwe ka Cigiriki kokhala ndi k, kh, ai, oi ndi -os, cifukwa ndiko kamene wowerenga wathu angakachule molondola popanda kudutsira m'Cingerezi. Tikudziwa kuti njirayi ili ndi vuto lake, pakuti mayeso ambiri amalembedwa m'Cingerezi ndipo mabuku ofufuziramo amatsata Cilatini. Cotero pamene dzina likuoneka koyamba, maonekedwe a Cilatini aperekedwe pambali pake, ndipo mndandanda wa kumapeto kwa buku ukhale ndi onse awiri.

Lacitatu: maina a olemba ndi a malo amene anakhazikika kale, monga Homer ndi Athens, asiyidwe m'mene alili, monga tacitira m'nkhani ino. Wolemba anene koyambirira kwa buku lake njira imene watsata ndi pamene wapatukapo.

Lacinai: pa kachulidwe, tisadzudzule wophunzira amene wachula th wa mu Athena ngati wa mu thumba, kapena ph wa mu Persephone ngati wa mu phiri. M'phunziro la Cingerezi aphunzitsidwe kachulidwe ka Cingerezi, koma auzidwe kuti kameneko ndi ka Angerezi, kobadwa m'mbiri ya cinenero cao.

Malamulo asanu ndi atatu a m'gawo lacitatu angaphunzitsidwe m'phunziro limodzi, ndipo maina a gulu laciwiri ndi lacitatu amene amapezeka kawiri-kawiri angakwane pa tsamba limodzi. Tikupempha anzathu amene akukonza madikishonale ndi mabuku a sekondale m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi zinenero zina za dziko lino kuti agwirizane pa mndandanda umodzi wa mainawa mabukuwo asanasindikizidwe, pakuti kalembedwe kakalowa m'buku la sukulu nkovuta kukasintha.